Msewu Wodumpha wa a Neville

M'tauni ya Katherine muno ukatchula a Neville Cusack, anthu amayamba afunsa za galu wawo Mozzie. Za mathiraki amakumbuka ndi akuluakulu okha. Komatu bamboyo anakalambira pa chiwongolero, kukoka ngolo zitatuzitatu za ng'ombe kuchokera m'mafamu a kuchipululu mpaka kudoko la Darwin. Kuuma mutu kwake ndiye musanene. Akazi awo, mayi Coral, mpaka tsiku lotsikira kulichete ankati iwo anakwatiwa pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi thiraki. Mtembo utawotchedwa, phulusa la mayiwo a Neville analikwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse amamwera tiyi pamenepo.

Chimene chinawatsitsa m'thiraki chinachitika masanasana kufupi ndi Larrimah. Amakumbukira akuona mlatho patsogolo. Chotsatira chimene amakumbukira ndi fumbi, ng'ombe zikulira, ngolo yakumbuyo itagona cham'mbali m'tchire, mlatho uja uli kumbuyo kutali. Zapakatipo palibe, ngati wina anadulapo ndi lumo. Sipanafe munthu. Adokotala anati ndi kasitiroko kakang'ono, ndipo tinzake titha kubwera nthawi ina iliyonse. Laisensi inathera pomwepo.

Mwana wawo yekhayo, Raelene, amene amagwira ntchito ku Darwin, anafuna kuwatenga akawaike kunyumba yosungirako okalamba pafupi ndi kwawo. Anakokanakokana mpaka anthu oyandikana nawo tinatopa ndi kumvetsera. Mapeto ake anapangana chonchi: akhale pakhomo pawo, koma zija zikadzangochitikanso, ngakhale kamodzi, adzanene okha ndi pakamwa pawo, n'kulongedza. A Neville analumbira potchula dzina la Coral. Kunyumba ya okalambako agalu salola, ndipo mtengo wa mango sunyamulika.

Ndi Raelene yemweyo anabwera ndi kompyuta, chiwongolero chomangirira patebulo ndi zopondera zake, kuti bambo ake aziyendetsa thiraki ya pagemu. Iwo anakwiya, ati si khanda loti alipatse chidole kuti litonthole. Mwezi usanathe, mdala uja anali akudzuka m'mamawa, kuvala nsapato zake zantchito, kuthira tiyi m'fulasiki, n'kukhala patebulo ngati wina akuwadikira ndi katundu. Ankatukwana misewu ya ku Ulaya ya m'gemumo poti amayenda kumanja, ankatukwana timagalimoto todulira kutsogolo. Mozzie ankagona kumapazi kwawo monga ankachitira m'thiraki yeniyeni, msana atatsamira bokosi la kompyuta. Kunena zoona, chidole chija chinawabwezera moyo.

Kenako inafika nyengo ija mvula isanagwe, pamene kumatentha mpaka munthu umakwiyira mpando umene wakhalirawo. Tsiku lina akutsetsereka phiri la m'gemumo, msewu unaima nji, kenako unadumpha. Galimoto imene inali patali inapezeka ili pamphuno.

A Neville anachotsa phazi pamoto. Kudumpha koteroko ankakudziwa, anakuonapo ku Larrimah. Thukuta lili kamukamu, ankadzifunsa funso limodzi lokha: wadumphayu ndi kompyuta kapena ndi mutu wanga?

Sanauze munthu. Raelene akaimba Lamlungu, ankamuuza kuti ali gwa, ndipo asamawawerengere masiku. Foni ikaduka ankapita kukaima pansi pa mango, manyazi atawagwira, chifukwa bodza limenelo linkadutsa pa dzina la Coral. Koma nanga akananena chiyani, poti iwo eni sankadziwa?

Anayesa zonse zimene munthu wosadziwa amayesa. Anazimitsa n'kuyatsanso. Anasintha chingwe. Analimenyako bokosilo khofi, monga ankachitira ndi wailesi ya m'thiraki. Anamvetsera anyamata a pa intaneti olankhula ngati akuthamangitsidwa, n'kuchotsa mithunzi, kuchepetsa mitengo ndi mitambo ya m'gemumo mpaka dziko la Ulaya linaoneka ngati lojambulidwa ndi mwana wa sukulu ya mkaka. Ayi ndithu, chimodzimodzi. Poyamba ulendo zonse zinkayenda myaa, koma akayendako ndithu, msewu unkayamba kudodoma. Ndipo apa ndi pamene panawadya mtima, chifukwa nthawi yomweyo ndi imene iwonso ankakhala atayamba kutopa. Anayamba kudziyesa mobisa: kumwetulira pagalasi kuti aone ngati pakamwa sipanakhote, kutchula mayina a mitsinje yonse ya pamsewu wa ku Alice Springs. Chakudya chinasiya kulowa.

Atalephera kupirira anapita kwa Manoli, mnzawo wakalekale wachigiriki, amene amakonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, ndipo makompyuta anangowaphunzirira kuukalamba poti m'tauni muno chilichonse cha mawaya amachitengera kwa iye. Anangomuuza kuti chidole chikuvuta. Manoli anabwera ndi chikwama chake, koma sanayambe watsegula bokosi. Anaika kanambala kobiriwira pakona ya sikirini, n'kufotokoza kuti kamawerenga zithunzi zimene zikusinthana pa sekondi. Kakakhala pa 60 ndiye kuti zonse zili bwino, kakagwa ndiye kuti makina akulephera. Anakoka mpando n'kuwauza kuti ayendetse.

Anayenda, anayenda, a Neville diso limodzi pamsewu, lina pakona. Msewu unaima nji.

"Apo!" anatero Manoli, iwo asanatsegule pakamwa. "Kagwera pa 11. Waona?"

"Iwenso waona?"

"Nanga ndine wakhungu? Ukalamba ndi wako, mdala iwe, osati wanga."

A Neville anadzuka n'kupita kubafa, ati kukasamba kumaso chifukwa cha kutentha. Anakhalitsako. Misozi ya chimwemwe pa nkhalamba youma mutu imafuna pobisalira. Manoli, amene nkhani ya ku Larrimah ankaidziwa ngati tonsefe, anamvetsa. Anangomasula bokosi lija.

"Tabwera udzaone," anawaitana. "M'menemu ukuwetamo galu wachiwiri."

Munali ubweya wa Mozzie wosakanikirana ndi fumbi lofiira, wolukana ngati bulangete, utatseka ponse polowera mpweya. Fani imodzi yoziziritsa m'katimo inali itafa kalekale. Manoli anati makina amenewa akatentha kwambiri amadzichepetsa okha liwiro kuopa kupsa, n'chifukwa chake msewu unkadodoma ulendo ukatalika, makamaka nyengo ino. Anawatsuka mkamwa chifukwa choika bokosi pansi, analikweza patebulo, n'kuti fani yatsopano ichokere ku Darwin.

Tsiku limenelo a Neville ndi amene anayamba kuimbira Raelene. Anamufotokozera za galu wachiwiri akuseka mpaka kutsokomola, n'kumutuma kuti agule faniyo aitumize pabasi. Madzulo anakagula nsomba yokazinga ndi tchipisi, anadya zonse, zikhungu n'kupatsa Mozzie. Anauzanso Coral pansi pa mango paja kuti sanamunamize, anali makina chabe.

Fani inafika Loweruka. Kumwamba kunali mitambo yakuda ija yongoopseza, mvula osagwa. Manoli anaimanga, anatsegula chitini cha mowa, n'kubwezeretsa mithunzi, mitengo ndi mitambo yonse ya m'gemumo. Ulaya anakongolanso. A Neville anaponda moto, ndipo kanambala kanangoti nji pa 60, osagwedezeka. Anadutsa phiri lija, anadutsa tauni, nthawi imene msewu unkadodomera inakwana n'kupitirira. Anayamba kuimba mluzu. Manoli ankawaseka kuti amayendetsa ngati anyamula mazira, iwo n'kumuyankha kuti munthu amene sanayendetsepo choposa njinga atseke pakamwa. Patsogolo panaoneka mlatho wautali.

Kenako thiraki inali m'munda wa tirigu, injini ikulira, mlatho uli kumbuyo.

Manoli sanalinso pampando. Anali ataimirira, dzanja lili paphewa pawo, foni ili kudzanja linalo. Chitini chinali pansi, mowa ukuyenderera kulowera kukhomo. Mozzie ankalira chapansipansi akuwakanda bondo. A Neville anayang'ana pakona. Kanambala kanali pa 60.

"Yadumphanso," anatero, lilime likulemera. "Fani yakoyi njachabe. Waona eti?"

Anamuyang'ana mnzawoyo ndi maso opempha. Anthu awiriwa ananamizirana zambiri pa moyo wawo, kwa mabwana, kwa apolisi apamsewu, ngakhale kwa akazi awo. Manoli anapukusa mutu.

"Sinadumphe, Nev. Ndakuitana kangapo konse, iwe maso ali gwa, phazi lili pamoto. Ambulansi ndaitana kale, ikubwera."

A Neville sanatsutse. Anazimitsa injini ya thiraki yawo ya m'munda wa tirigu, n'kukoka buleki yamanja, poti thiraki saisiya chisawawa. Pawindo ankauona mtengo uja, mango atayamba kupsa. Mantha anali atatha, chotsala chinali chisoni chokha, cholemera ngati thumba la simenti. Anamuuza Manoli kuti Mozzie sadya zam'chitini, ndipo mabingu akayamba amafuna kulowa pansi pa bedi, asamamukalipire. Manoli anangogwedeza mutu. Anafuna kuimbira Raelene, koma iwo anakana, ati lumbiro linali lawo ndipo anenanso okha. Dzanja lamanzere linkakanika kugwira foni, choncho Manoli anawagwirizira kukhutu.

"Adadi!" Mawu a Raelene anali osangalala. "Fani ija yafika? Kompyuta yatheka?"

"Yatheka, mwanawe," anayankha a Neville. "Kompyutayi ilibe vuto lililonse."