Dzanja la Achieng

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kudziyesa katswiri wa besibo. Tinkakhala ku Donholm, m'dziko la eni, adadi akugwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo. Kusukulu kwathu kunali kabwalo kotchingidwa ndi ukonde komwe tinkaphunzirira kumenya mpira ndi chibonga, ndipo kumapeto kwake kunkaima makina oponya. Makinawo ankayamba alira kuti khetche, kenaka mpira uja fyuu!

A Otieno, kochi wathu, anatiuza kuti anawaika pafupi dala. "Mpira wochokera pafupi umakupeza msanga," anatero. "Muno nthawi yoganiza ndi yochepa kuposa pabwalo lenileni." Mawu amenewo anandipatsa matama. Paja ine ndinali nditatulukira kachinsinsi: ndikangomva khetche, ndinkawerenga kuti "wani" chamumtima n'kuzunguza chibonga. Mpirawo sindinkauyang'ana n'komwe, koma ndinkaumenya mpaka anzanga kugwira pakamwa.

Linafika tsiku losankha timu ya sukulu. Anaitana atsikana a ku Athi River kuti tiyesane nawo, ndipo malo anali atatsala amodzi, olimbirana ine ndi mnzanga Njeri. Ndinali nditawauza kale adadi kuti malowo ndi anga, mpaka iwo anaweruka msanga kuntchito kudzandionerera.

Woponya wawo anali Achieng, mtsikana wamtali, wosaseka. Nditaima pomenyera ndinaona kuti ali patali ndithu, ndipo ndinati, aa, koma lero ndiye zaphweka. Anakweza mwendo, dzanja n'kubisala kumbuyo. Ine khutu tcheru, kudikira khetche. Ndinangomva phaa, wowakha kumbuyo kwanga ataugwira kale mpirawo.

Mpira wachiwiri unamupulumuka Achieng. Unabwera molunjika kumaso kwanga, ulusi wake wofiira ndikuuona ukuzungulira, ndipo mphepo yake inandikhudza pachibwano. Ndinagwa chagada, chisoti n'kugubuduzika m'fumbi. Mayo ine! Makina aja anali asanandilunjikepo ngakhale kamodzi. Ndili gone pansipo ndinazindikira kuti chinthu cholimba ngati mwalachi chikhoza kundigulula mano, ndipo wachigwira ndi munthu, woti dzanja lake limachita thukuta n'kuterera.

"Pole!" anakuwa Achieng, kundipepesa.

Pole ya chiyani! Ndinadzuka mkodzo uli pafupi kutuluka. Ndinkachita mantha, mantha enieni. Pakati pa phokoso la Chiswahili ndinamva mawu a adadi m'Chichewa: "Limba mtima, Tadala! Yang'ana dzanja!"

Koma dzanjalo ndi limene linkandiopsa. Likangokwera, phazi langa linkathawira lokha kumbuyo. Wachitatu ndinazunguza chibonga nditatsinzina, kumenya mphepo. Wachinayi unadutsa pakati penipeni, wokoma, woti ku ukonde kuja ndikanauulutsa, ine ndili kale chobwerera m'mbuyo nditaphimba nkhope ndi mkono. Ndinatuluka, paja ukaphonya katatu mwayi wako watha. Malo anapita kwa Njeri, yemwe ndinkamuseka masiku onse chifukwa chophonya mipira ya makina.

Pobwerera tinatsekeredwa mumdipiti wa magalimoto pamsewu wa Outer Ring. Ndinayamba kudziteteza.

"Amaponya mwamphamvu kwambiri, adadi. Si chilungamo."

Adadi anayang'ana matatu, minibasi ya kumeneko, imene inkafuna kutipanikiza. Kenaka anati, "Ndawafunsa a Otieno. Akuti mpira wa mtsikana uja ndi wochedwa kuposa wa makina anu."

Ndinalira mpaka kunyumba.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikudziwa kuti vuto silinali liwiro. Chaka chonse ndinaphunzira kumvera chitsulo m'malo moona mpira, ndipo chitsulo sichikanandiphunzitsa kuima pamaso pa munthu woti akhoza kulakwitsa. A Otieno anandinyengerera kangapo kuti ndiyesenso. Ndinkapitabe, koma mu ukonde mokha, n'kumamenya mipira yanga bwinobwino. Pamaso pa woponya sindinaimeponso, ndipo mpaka pano zimandiwawa.