Tsiku limene ndinawayankha bambo aakulu ku Speedway

Ntchito yanga yoyamba yokhazikika ku South Bend inali yosamalira okalamba m'nyumba ina yaikulu yowasungiramo. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda, ndi kuwadyetsa ndi supuni. Msana unkandipweteka, koma zosiya sindinkaziganiza n'komwe, chifukwa inshuwaransi ya chipatala ya banja lonse inali pa ntchito imeneyo. Amuna anga ankayendetsa galimoto yoperekera katundu, ndipo abwana awo inshuwaransi sankapereka. Mwana wathu wamkazi woyamba amadwala mphumu.

Chaka china eni ake anaigulitsa nyumba ija. Atsopanowo anatidula maola ambiri a ife, ndipo amene maola ake atsika, inshuwaransi inkamuthera mwezi ukangotha. Ine ndinali m'gulu limenelo. Ndinaapulaya thandizo la boma la ana, anandiuza kuti ndidikire, akuunikabe. Tili m'kudikira momwemo, Loweruka lina m'mawa, kunja kuli sinowo, mwana anayamba kubanika. Chifuwa chinkalira ngati wenzulo, milomo itayamba kuda.

Ambulansi sindinaiyitane. Aliyense kuno amadziwa ngongole imene imabwera pambuyo pa ambulansi ngati ulibe inshuwaransi. Ndinamukulunga m'bulangete, n'kuthamanga naye pagalimoto kupita kuchipatala cha kufupi ndi pakati pa tauni. Nditafika poimika magalimoto ndinazimitsa injini, koma sindinatsike, poopa ngongole ya chipatala. Ndinamuuza kuti apopenso mankhwala ake m'kamwa, mwina chifuwa chimasuka tibwerere. Khomo la odwala mwadzidzidzi linali patsogolo pangapo, likungotseguka lokha anthu akamadutsa. Mwanayo amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndipo anandifunsa m'Chingerezimo, mawu akuduka pakati, chifukwa chimene sitikulowera. Ndinamubereka kumsana ngati khanda, msungwana wa kusukulu wathunthu, n'kulowa.

Anamulandira bwino, anamugoneka, anachira. Madokotala ndi manesi ndilibe nawo mlandu. Ndipo inenso sindidziimba mlandu pa kukhala kwanga m'galimoto muja. Mlandu ndinaupeza mwa amene anakonza kuti mpweya wa mwana wanga udalire maola amene bwana wandilembera pa shifiti. Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu anthu akamakangana za thumba limodzi, zoti boma lizitolera misonkho n'kumalipirira chipatala munthu aliyense, wa pantchito ndi wopanda ntchito yemwe, m'malo mwa makampani a inshuwaransi.

Mwezi wa Meyi tinapita ku Indianapolis. Tinayamba tadzera m'mashopu a mu Lafayette Road kugula ufa ndi nsomba zouma, kenaka tinakafika ku Speedway, dera la kufupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto, kunyumba kwa mkulu wina amene Amalawi tonse timangomutcha bambo aakulu. Ndi iwo amene anatilandira titangofika m'dziko lino. Jekete yoyamba ya amuna anga inali yawo, ndipo mwana wathu atabadwa ndi iwo anamupempherera. Anagwira ntchito zaka zambiri koyezera magazi m'chipatala china mpaka kupuma. Tsikulo anaitana anthu tikachoka kutchalitchi. Nyama inkawotchedwa kuseri kwa nyumba, ndipo kulira kwa magalimoto ampikisano oyeserera kubwalo kunkatikakamiza kukweza mawu.

Ine ndinali kugawa mbale pamene wophunzira wina wa kuyunivesite anayambitsa nkhani ya thumba limodzi. Bambo aakulu anamudula mofatsa.

"Ana inu mwaiwala msanga," anatero. "Chipatala cha boma chaulere tikuchidziwa ife. Mayi anga anamwalira ku chipatala cha boma kwathu, atagona pansi pa bedi la munthu wina, mankhwala atatha. Anatiuza kuti tikagule tokha kufamase. Ndiye mukufuna zimenezo zitilondole kuno? Boma likagwira chinthu, mzere umatalika. Ndiponso ife ndife alendo. Mlendo ndi mame. Tizigwira ntchito, tizithokoza Mulungu, za eni dziko tiwasiyire eni."

Anthu anavomereza ndi mitu. Amuna anga anandiyang'ana, chifukwa amandidziwa. Ndinaika mbale patebulo, ndinapinda bondo pang'ono monga mwa ulemu wathu, n'kunena kuti, "Bambo, mundikhululukire, koma apa sindikugwirizana nanu."

Amayi amene ankatembenuza nyama anasiya. Bambo aakulu anaseka pang'ono. "Lankhulani, mwananga."

"Za amayi anu ndikuzimva, pakuti inenso ndinakhalapo woyang'anira wodwala pa simenti ya chipatala chomwecho. Koma kwathu mankhwala amasowa chifukwa kulibe. Kuno mankhwala alipo, ndawaona ndi maso angawa, odzaza mashelefu. Mwana wanga ankabanika panja pa chipatala chokhala ndi chilichonse, ine mayi wake ndikuopa kutsegula chitseko cha galimoto. Mzere mukuunenawo kunonso ulipo, Bambo, kungoti anthu amaimira kunyumba kwawo, ena m'magalimoto, ndiye suoneka."

"Chipatala sichikadamubweza," iwo anatero. "Lamulo sililola kubweza wodwala mwadzidzidzi. Ndipo thandizo la ana lilipo, munangochedwa kulipeza."

"Lilipo, inde. Koma mphumu sinadikire kuti aunike. Inu panopa mwakula, boma likukulipirirani chipatala kudzera mu ndondomeko ya okalamba. Kodi munagonapo pansi pa bedi la wina?"

Pamenepo nkhope yawo inasintha. Anati ndondomeko imeneyo anaigwirira ntchito, anaidulidwira pa malipiro zaka zonse, si mphatso ayi. Anati kulipirira okalamba okha ndi kwina, kulipirira dziko lonse ndi kwina, ndipo misonkho ikadzakwera ndi ife tomwe tidzayambe kulira. Ndinawayankha kuti inenso amandidula pa malipiro, ndipo ndingakonde kulira ndi msonkho kusiyana ndi kulira ndi mwana. Za mame ndinawauza kuti ine ndatembenuza agogo a eni dzikowa mpaka msana kupindika, ana anga anabadwira kuno, ndiye sindine mame, sindikamuka dzuwa likatuluka.

Palibe amene anawomba m'manja. Amayi a panyumbapo anangoti chakudya chikuzizira, tipemphere. Anapemphera ndi bambo aakulu omwewo, ndipo anapempha Mulungu kuti atiphunzitse kudzichepetsa. Ameni ndinamunena nawo.

Pobwerera, titadutsa tauni ya Kokomo, amuna anga anaiyamba nkhani ija. Anati, "Amake mwana, zoona munanena, koma munthu anatipatsa jekete yake. Simukadawatengera pambali?" Ndinawauza kuti nkhani anayiyambira pagulu, ndipo pagulu pomwepo panali atsikana awiri amene ndikudziwa kuti amagawana mankhwala a shuga chifukwa chosowa inshuwaransi. Mpaka lero amuna anga amati ndinalakwitsa malo. Ine ndimati malo anali omwewo.

Patapita miyezi, ndinamva kuti kuholo ya tchalitchi china pakati pa South Bend kuli msonkhano wa anthu wamba wokambirana za nkhani yomweyi. Ndinachoka pa shifiti masana, ndinakwera basi ndili mu yunifomu. Ena analankhula mokomera thumba limodzi, ena motsutsa, ndipo ena mwa otsutsawo anali ndi mfundo zimene ndinaziganizira pambuyo pake, monga za anthu ogwira ntchito m'makampani a inshuwaransi amene angachotsedwe. Nthawi yanga itakwana ndinafotokoza za mwana wanga, m'Chingerezi changa cha ku Dedza, osachikonza. Bambo wina wa chipewa anakuwa kumbuyo kuti ngati ndimakonda chipatala cha boma ndibwerere kumene ndinachokera. Maikolofoni sindinaisiye. Ndinamuuza kuti mawa m'mawa ndili ndi okalamba oti ndiwasambitse m'tauni momwemuno, mwina wina ndi mayi ake, ndiye zonyamuka zilibe nthawi. Kenaka ndinamaliza zimene ndinabwerera.

Thumba limodzi silinabwere, ndipo sindikudziwa ngati ndidzaliona. Ndinapeza ntchito ina ya maola okwanira, mwana ali ndi inshuwaransi, mpaka tsiku limene bwana wina adzaganize zina. Bambo aakulu sanasinthe maganizo. Pa maliro a Mmalawi wina ku Indianapolis anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kundifunsa ngati ndikadali pa ndale zanga. Ndinawayankha kuti ndikadalipo, Bambo, ndipo popeza tsopano ndine nzika ya dziko lino, chaka chino ndikuvota koyamba.