Machila a ku Nechells

Holo ya sukulu yathu ku Nechells, kudziko la azungu komwe tinkakhala, inkanunkha polishi ndi majekete onyowa ndi mvula. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nyengo yozizira imeneyo aphunzitsi athu anasankha chaka chimodzi cha nthawi ya atsamunda n'kulemba sewero: nduna zokangana m'nyumba ya malamulo, mfumukazi, ndi mzungu wina wofufuza mitsinje ya ku Africa. Gawo la mzunguyo linapita kwa Callum, mnyamata wa tsitsi lofiira amene ankakhala kumbuyo kwanga m'kalasi. Ine ndi mnzanga Hamza anatipatsa ntchito yomunyamula pamachila a bulangete. Mawu oti tilankhule panalibe.

Ndinawauza amayi akusita yunifolomu yawo ya unamwino. Anaimika simbi.

"Agogo awo a agogo ako ankanyamula machila," anatero. "Atatupa mwendo panjira, bwana wawo anawakwapula ndi chikoti n'kuwasiya pomwepo. Kumudzi sanabwererenso."

Anapitiriza kusita, nthunzi ikukwera pawindo, koma ine mtima unali utayaka kale.

Milungu itatu ndinkayeserera mofatsa ngati mwana womvera, mtengo wa machila ukundidya paphewa, uku ndikuwerenga masitepe okwerera papulatifomu. Anali anayi. Ndinasankha lachitatu.

Tsikulo makolo anadzaza holo yonse. Callum anagona pabulangete atavala chipewa cha katoni, akuloza kutsogolo ndi chala monga anamuphunzitsira. Titafika pa sitepe lija ndinangochotsa phewa. Callum anagwa n'kufikira mkono, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kukhitchini. Ine ndinaima chilili, mtima uli zii, ngati ndamwa madzi ozizira.

Ndinati ndaterereka, ndipo onse anakhulupirira kupatula amayi. M'basi sanandikalipire. Anayang'ana panja kanthawi, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Ndiye agogo akowo adzuka?"

Panthawiyo ndinkaona kuti ndabwezera chipongwe cha mtundu wathu wonse. Lero ndikudziwa kuti ndinathyola mkono wa mwana mnzanga, amene mayi ake ankakolopa m'chipatala chomwe amayi anga ankagwiramo ntchito ku Bordesley Green, pomwe wolemba sewerolo anapita kwawo ndi maluwa m'manja. Callum ndinamupepesa titakula, iye n'kungoseka. Koma aphunzitsi aja, mpaka pano ndikadali nawo mawu.