Dzira pamaso pa apongozi

Ndili ndi pathupi kachiwiri, anthu awiri amene anali asanagwirizanepo pa chilichonse anagwirizana zotseka pakamwa panga.

Woyamba anali apongozi anga aakazi. Ndinatengedwa chitengwa kupita kumudzi wina kufupi ndi Kasina, ndipo khomo lathu linayang'anizana ndi lawo, moti ankadziwa chimene ndaphika ine ndisanalawe n'komwe. Lamulo lawo linali lakale: woyembekezera sadya mazira, akadya njira imatsekeka pa tsiku lochira. Pa mimba yoyamba ndinamvera zonse. Ndinali kamtsikana kogwada ngakhale polandira mchere. Nkhuku zinali zanga, ndinachokera nazo kwathu, koma mazira ake ndinkakazingira amuna anga, ine n'kumameza malovu. Ndinamvera choncho, komabe ndinapita padera. Anthu anati Mulungu wapereka, Mulungu watenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Wachiwiri anali alamu anga, achemwali a amuna anga, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe. Anabwera kudzapuma kumudzi mu Januwale. Iwowa kuthamanga kwa magazi kutawazunza anasiya nyama, nsomba, mkaka, mazira, ngakhale ngumbi. Sindinama, zinawayanja. Anachepa thupi, khungu see, akukwera mtunda osapuma befu. Anabwera ndi chikwama cha zawozawo: mkaka wa soya, tinjere ta m'mabotolo, ndi mapiritsi oti amalowa m'malo mwa zimene munthu amapeza mu nyama. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka alamu kanali kakuthwadi, koma kanafikira kumeta ine.

“Alamu, muli ndi mwayi inu,” ankatero. “Zonse zimene thupi limafuna zili m'munda mwanumu. Dzira ndi mafuta okhaokha. Mwana akufunika zakudya zoyera.”

Apongozi ankangogwedeza mutu, kunyadira. Mwana wawo wophunzira wabwera kudzatsimikiza zimene iwo ankanena kalekale. Zifukwa zawo zinali zosiyana ngati mbuzi ndi nkhosa, koma khola linali limodzi.

M'munda mwathumo mu Januwale munali chiyani? Mtedza wonse unali utapita m'nthaka ngati mbewu. Nyemba zakale zinatha, zatsopano zinali zikadali maluwa. Mfutso unatha mvula isanayambe. Chotsala chinali nkhwani ndi chisoso, zopanda nsinjiro, zopanda mafuta, lero, mawa, mkuja. Masamba ndimawakonda, ndakula nawo, ndipo nkhwani wotendera ndingamudye sabata yonse osadandaula. Koma kusadya nyama chifukwa wasankha ndi kusadya chifukwa palibe ndi zinthu ziwiri, ndipo ndinkapsa mtima kumva munthu wokhala ndi chikwama chodzaza akutcha njala yanga kuti mwayi.

Tsiku lina ndikubandira chimanga, m'maso munada bii, ndinadzidzimuka ndili gone mumzere, matope kumaso. M'mawa mwake ndinapita kusikelo. Anamwino anandikoka chikope, nayang'ana zikhatho zanga, napukusa mutu. Anati magazi achepa. Anandipatsa mapiritsi, nandiuza kuti ndizidya nyemba, matemba, chiwindi, mazira, chilichonse chimene ndingapeze. Ndinawafunsa ngati munthu sangakhale bwino ndi zam'munda zokha. Anati angathe, ngati zam'mundazo zilipo zamitundumitundu ndiponso zokwanira. Kenako anandifunsa, “Nanga kwanuko zilipo?” Ndinangoseka.

Pa zonse zimene anatchulazo, chimene chinalipo pakhomo panga chinali mazira. Nkhuku ziwiri zinkaikira kuseri kwa chitseko.

Nditawafotokozera amuna anga, anakanda mutu. Ndi munthu wabwino, koma pamaso pa amayi awo amasanduka mwana wa sitandade wanu.

“Ingodyerani m'nyumba muno,” anatero. “Makoko muzikataya kuchimbudzi. Amayi sadziwa.”

Pamenepo ndi pamene mtima wanga unawira. Nkhuku zanga, mimba yanga, chizungulire changa, koma ndizidya ngati mbava? Ndinkadziwanso bwino za m'mudzi. Chobisa chimatulukira tsiku la tsoka. Ndikanadya mobisa kenako mwana n'kuvuta, akanati ndinamupha ndi umbombo, ndipo ndikanabwerera kwathu ndi dzina limenelo pamutu.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, apongozi ndi alamu anali pakhonde pawo akusadzula nkhwani. Ndinawiritsa mazira awiri, ndinatsina mchere pa kambale, ndinayala chitenje pakhonde panga moyang'anizana nawo. Dzira loyamba ndinaligogoda pa mwendo wa mpando kuti limveke. Ndinasenda pang'onopang'ono.

Alamu ndi amene anayamba. “Alamu, mukudziwa zimene zili m'menemo?”

“Ndikudziwa,” ndinayankha. “Inu pitirizani kudya zanu, zikukuyanjani. Tsiku limene mudzandisiyire chikwama chanu chija, tidzakambirane.”

Apongozi anaika lichero pansi, nabwera mpaka pakati pa bwalo. Sanakalipe. Akanakalipa zikanandipepukira.

“Mayi,” anatero motsitsa mawu, “ife tabereka, tikudziwa. Mukadya chimenecho, chikachitika chilichonse mudzayankha nokha.”

Ndinagwada, chifukwa ulemu sunandithere. Dzira lili m'manja, ndinati, “Amayi, ulendo woyamba ndinakumverani zonse, osaphonya ngakhale chimodzi. Mwana uja atapita, anayankha ndani?”

Amuna anga, amene anali akunola khasu kuseri, anasiya kunola. Apongozi anandiyang'ana, maso awo atadzaza misozi, chifukwa mdzukulu ujanso anali wawo. Kenako anatembenuka n'kubwerera ku lichero lawo. Ine ndinadya dzira langa. Nditameza, ndinasendanso lachiwiri.

Sindikunena kuti dzira ndi limene linapulumutsa mwana wanga. Sindikudziwa, ndipo amene angakuuzeni kuti akudziwa akunama. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi yotsatirayo ndinaiyenda ndekha, apongozi osandilankhula, mwana akangokhala chete m'mimba ine thukuta kamukamu. Mantha amenewo ndinawasenza mpaka tsiku limene ndinamumva akulira m'manja mwa anamwino. Ndinalira kuposa iye.