Chingwe cha nsalu yakuda

Alamu anga anagwidwa ndi ng'ona akuonjola ukonde mu Shire, chakumunsi kwa mlatho wa ku boma. Titaika maliro, achemwali anga, mkazi wa malemuwo, anakana kugula nsalu yakuda ya chisoni kumsika. Anati anyika okha, monga ankachitira amayi athu.

Kanyikidwe kake, umaphika nsalu yoyera ndi makungwa a mthethe mpaka ifiire, kenako umaikwirira m'matope akuda a m'bango kuti igone momwemo. Matopewo ndiwo amaidetsa bii. Amayi ankaimanga ndi chingwe chachitali, n'kuchimangirira pamtengo kumtunda, kuti mawa lake angokoka osaponda m'madzi.

Matope otere kudambo ali mbwee, koma achemwali anasankha padooko pomwe anafera amuna awo. Ine pakamwa sindichedwa. "Achemwali, mwapenga kodi? Tilire maliro awiri mwezi umodzi?"

"Chingwe chilipo, ukuopa chiyani?" anandiyankha.

Tinaikankhira nsaluyo m'matope ndi nsungwi, tili kumtunda. M'mawa mwake iwo anatsogola, ine ndinawapeza ataima kale pamtengo paja. Nditakoka chingwe, chinabwera chopepuka, nsalu palibe.

"Chaduka," anatero. Anakwinya chitenje n'kulowa m'bango.

Mayo ine! Ndinakuwa, ndinatukwana, ndinawatchula mayina a ana awo mmodzimmodzi, koma osacheuka n'komwe. Matope anawafika m'mawondo, kenako madzi m'chiuno. Anawerama, mikono yonse m'madzi, akufufuza mosafulumira ngati munthu wotola nkhuni kuseri kwa nyumba. Ndinatola chitini chimene ndinabwera nacho n'kuyamba kuchimenya ndi mwala, poti asodzi amati phokoso limaingitsa ng'ona. Kaya n'zoona kaya, ine ndinangomenya mpaka chala kuchucha magazi.

Bango la kudzanja lawo lamanzere linagwedezeka, mphepo kulibe. Ndinaona mphuno ndi maso awiri pamwamba pa madzi, phee. Ndinaponya chitini, ndinaponya mwala, ndinaponya ngakhale patapata wanga. Chinthucho chinamira, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaopa zenizeni, chifukwa ng'ona yomira sudziwa kumene yalowera.

Achemwali anaweramuka nsalu ili m'manja, ikudontha matope. Anaima pomwepo kanthawi, akuyang'ana pamene panali maso paja. Kenako anatembenuka n'kutuluka pang'onopang'ono. Ndinawakoka dzanja mpaka tonse kugwera pamchenga, ndipo ndinawamenya khofi, ine mng'ono wawo. Sanabweze, sanalirenso.

Kunyumba, iwo akusamba, ndinakhala pakhonde n'kumakulunga chingwe chija. Nditafika kumapeto kwake ndinaima. Chingwe choduka chokha chimanyenyeka ulusi. Ichi chinali chodulidwa bwinobwino ndi mpeni, ndipo patali ndi mfundo ya pansalu, pamene munthu angafike ali kumtunda.

Sindinawafunse. Tsiku lomwelo ndinanyamula mphasa yanga n'kusamukira kwawo, ndipo ndinagona pakhomo pawo mpaka mvula inagwa.

Nsalu imafuna kunyikidwa kawiri kuti ide mokwanira. Kachiwiriko ndinakatapa ndekha matope a kudambo m'ndowa, tinaikwirira kuseri kwa bafa. Sinade bwino, inatuluka yotuwa ngati phulusa lonyowa, ndipo amayi a kutchalitchi ankanong'onezana kuti mfedwa wavala chiyani.

Ine ndinkangoti anong'one. Woivalayo anali wamoyo.