Makope a a Mawotchi

Tsiku limene mayi wosoka zovala anawayang'anitsitsa koyamba, a Mawotchi anali atatola batani lomwe linagwa pamakina. Analifumbata, n'kuuzira, n'kutambasula chikhatho: mulibe kanthu. Batanilo linapezeka m'thumba la epuloni ya mayiwo, amene chimwalirire amuna awo anali asanaseke pagulu. Anaseka atagwira pakamwa.

Ankagwira ntchito pakhonde limodzi, mayiwo kusoka, bambowo kukonza mawotchi. Makasitomala akachepa, a Mawotchi ankaima pagalasi lothyoka ngodya kuseri kwa tebulo lawo, kusowetsa dzira, kudula chingwe n'kuchilumikiza popanda mfundo. Akatha ankalemba m'kope. Pa zaka makumi atatu anadzaza makope asanu ndi awiri.

"Si ufiti, mayi, ndi zala," ankatero. "Ndikamapita, zisapite nane."

Manja awo atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, a Mawotchi anapempha mayiwo kuti awakopere zonse m'buku limodzi, poti mayiwo ankalemba mooneka bwino. Pofuna kumvetsa zimene akukopera, mayiwo anayesa za dzira ali okha m'chipinda. Anaswa mazira atatu. Apo m'pamene anazindikira: bambowo ankalemba zimene ankaona pagalasi. Pomwe analemba kuti kumanja panali kumanzere, koma osati paliponse, chifukwa masiku ena ankakumbukira kutembenuza. Palibe akanaphunzira kanthu m'buku lotere.

Anatha sabata akuopa kunena. Atanena, a Mawotchi anaseka mpaka kutsokomola.

"Zaka zonsezi ndimaphunzitsa munthu wam'galasi. Ndiye imirirani apo, mayi. Anga manja atha. Muzichita inu, ine ndiziona, tizikonza."

"Ine? Pamaso pa anthu?"

"Anthu ake ati? Nkhalamba imodzi yokha, yopanda ndi mano omwe."

Anayenda nazo miyezi inayi, tsamba ndi tsamba. Mayiwo ankadabwa tsiku lililonse kuona kuti kayendedwe kamodzi ka chala chaching'ono bambowo anakaganizira chaka chathunthu.

Tsamba lomaliza linawapeza a Mawotchi ali gone kunyumba kwa mwana wawo wamkazi, kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Mayiwo anaima kumiyendo kwa bedi, navundikira kapu ndi mpango, n'kuusolola. Kapu panalibe.

A Mawotchi anayang'ana manja a mayiwo nthawi yaitali.

"Ndimadziwa poyang'ana, mayi, ndipo ndinayang'ana pomwepo. Sindinaone kanthu. Pamenepo musakonzepo."