Sikima ya a Sipanala

A Sipanala anagwira ntchito ya mapaipi zaka makumi atatu ndi zisanu, moti dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mawu oti "bola zikuyenda" ankadana nawo koopsa. Akamva mpope ukudontha kwa eni, ngakhale atapitira kukapepesa maliro, ankayamba kusisita m'matumba kufuna chomangira. Akazi awo ankawanena kuti tsiku lodzawaika adzadzuka kuti aone ngati bokosi lakhomedwa bwino. Koma anatsogola ndi mayiwo. A Sipanala anatsala ndi nyumba ya zipinda ziwiri, msana wotheratu chifukwa chokwawa pansi pa masinki, ndi thanki yagalasi imene malemuwo anapatsidwa itatsekedwa ofesi yomwe ankakolopako. Munali nsomba ziwiri za m'madzi amchere, zofiirira ngati lalanje, za mizere yoyera.

Nsomba zimenezi n'zamatama, abale. Sabata iliyonse zimafuna uchotse ndowa ziwiri za madzi akale, usungunule mchere m'madzi atsopano, uyeze, uthire pang'onopang'ono. Ndowa yodzaza a Sipanala sakanatha kuinyamula. Ndiye Loweruka lililonse kunkabwera mwana wawo wamkazi, namwino, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kupinda manja a bulauzi. Iwo ankakhala pampando n'kumalamula.

"Wachulutsa mchere, mayi iwe."

"Ababa, ndimayeza mankhwala a anthu tsiku ndi tsiku, ndingalephere mchere wa nsomba?"

Ankakangana choncho maola awiri athunthu, kenako tiyi. Masiku ena asanu ndi limodzi a Sipanala ankalankhula ndi wailesi basi, ndipo sinkawayankha. Ankasungulumwa mpaka kumawerenga mapazi a anthu odutsa pakhonde.

Loweruka lina namwino uja anatulukira atakumbatira katoni.

"Iyi ndi sikima, ababa. Imakoka madzi, n'kupanga thovu, thovulo limanyamula litsiro n'kulitaya m'kakapu aka pamwamba. Wogulitsa uja akuti ikamayenda bwino madzi sachedwa kuyera, ndiye kusintha kwa sabata iliyonse kutha."

"Thanki yaing'ono ngati iyi, nsomba ziwiri zokha, sikima ya chiyani? Mayi ako anazisunga zaka zisanu ndi zitatu ndi ndowa basi. Inafapo?"

"Sinafe. Koma atisinthira mashifiti, ababa. Ndimafika kuno nditatheratu."

A Sipanala anayang'ana ndowa zija. Zoti thankiyo ikanatha kukhala popanda sikima zinali zoona, koma zoti mwanayo watopa zinalinso zoona, zinkaonekera m'maso. Chimene sananene n'chakuti ndowazo ndi zimene zinkamubweretsa.

Namwinoyo anaikoleka kumbuyo kwa thanki akuwerenga kapepala, mothamanga. Chinthucho chinayamba kukhosomola, kulavula timathovu m'thanki monse, kakapu kaja n'kumadzaza madzi oyera m'malo mwa litsiro. A Sipanala anaona nthawi yomweyo kuti chakhala motsika ndiponso chopendekeka, koma anatseka pakamwa. Mumtima anati: chisiye, Loweruka adzaona yekha kuti n'chachabechabe, akachibweze.

Lamulungu anapirira. Lolemba anatembenuza mpando n'kuchifulatira. Lachiwiri polumikizira paipi panayamba kudontha, tho, tho, tho, pathabwa la shelefu. Ha! Munthu wa mapaipi umuyike m'chipinda chimodzi ndi dontho? Zala zinawayabwa ngati agwira chitedze.

"Ndingomanga podonthapa basi," anaziuza nsomba. "Zinazo si zanga."

Anamanga. Atamanga anaona kuti kupendekekako kukuwapweteka m'maso, n'kuikapo kachidutswa ka labala. Kenako anachikweza m'mwamba chala chimodzi. Kenako anagwira kagudumu kochepetsera madzi, n'kumakapotoza pang'ono, kudikira ola, kupotozanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha pa makina a Sipanala anali nako kochita kutaya. Anaiwala chakudya chamasana masiku awiri. Lachinayi kukhosomola kunatha, kunangotsala kaphokoso kosalala. Thovu lolimba linkakwera mwaulemu n'kugwera m'kakapu, lakuda ngati tiyi wopanda mkaka, lonunkha zedi. Madzi anayera mbee, nsomba zija ngati zikuuluka.

A Sipanala anaomba m'manja. "Amayi a mwana, tabwerani mudzaone!"

Anatembenukira kukhitchini. Kunali mbale yawo imodzi pasinki. Apa m'pamene anazindikiranso kuti akonza okha chinthu choletsa mwana wawo kubwera Loweruka, ndipo anakhala pansi mtima utalemera.

Mpata unalipobe. Loweruka m'mawa anaima pathanki, zala zili pa kagudumu kaja. Kungopotoza kamodzi kokha, chisokonezo chonse chikanabwerera. Anaima pamenepo mpaka msana unayamba kuwawa. Koma kuwononga dala chinthu choyenda bwino, manja awo anali asanaphunzire, ndipo anakana kuyamba tsiku limenelo.

Namwino atalowa anayeza madzi ndi timabotolo take, n'kufuula.

"Ababa! Manja anu aja akadalipo! Ndinkadziwa ine kuti simungachisiye."

Anawakumbatira, akuseka, nkhope itapepuka. Ndowa sanazikhudze. Tiyi anamwa ataimirira, nsapato zili kuphazi, poti lero akagona tulo tamasana koyamba m'miyezi itatu.

"Ndidzabwera kumapeto kwa mwezi tidzasinthe madzi. Mukamangotaya za m'kakapumo, si kolemera."

"Si kolemera," anavomera a Sipanala. "Pita ukapume, mayi."

Anamvetsera mapazi ake mpaka anazimiririka pakhonde.

Loweruka lotsatira anadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, n'kumeta ndevu, n'kuvala malaya osita. Anatulutsa makapu awiri, n'kubweza imodzi. Kenako anachotsa kakapu ka sikima ndi dzanja limodzi, kukataya m'sinki, kutsuka, kupukuta, kubwezera. Silinagwe dontho ngakhale limodzi. Ntchito yonse inatenga mphindi zitatu. Anayang'ana wotchi yapakhoma, inali isanakwane naini koloko.